Mmene mungakonzere cooler box ya pulasitiki yomwe yang'aluka

Cooler box ikang'aluka, ambiri amathamangira kukagula super glue, ena Pratley Putty, ena silikoni. Amamata, amadikira kuti ziume, ndipo tsiku loyamba zimaoneka ngati zatheka. Pakangotha sabata chomatacho chimakanganuka chonse ngati nkhanambo, mng'alu uli pomwepo, mwinanso watalika. Guluuyo alibe mlandu. Makoma a mabokosi ambiri amenewa amapangidwa ndi pulasitiki yamitundu iwiri, polyethylene ndi polypropylene, ndipo mitundu yonse iwiriyi ndi yoterera mwachibadwa moti guluu wamba sapeza pogwira. N'chifukwa chake ngakhale kabotolo ka guluu ndi kachotsekera kake kawirikawiri amapangira pulasitiki yomweyi, kuti guluuyo asamatirire m'kati.

Njira yokhalitsa ndi kuwotcherera: kusungunula milomo ya mng'alu pamodzi ndi kachidutswa ka pulasitiki yamtundu womwewo mpaka zisakanikirane n'kukhala chinthu chimodzi. Ndi luso lomwe lija la abambo omata mabeseni ndi ndowa m'misika, kungoti bokosili lili ndi makoma awiri komanso thovu louma pakati, ndiye limafuna chisamaliro choposa cha beseni. Kwa mayi wogulitsa mafilizesi ndi thobwa pa depoti, kapena wonyamula chambo kuchokera ku Mangochi kapena ku Nkhotakota kupita nacho m'tauni, bokosili ndi mpamba. Kulikonza bwino n'kwanzeru kuposa kuthamangira latsopano.

Yambani mwaona ngati bokosilo likadali ndi moyo

Kandani khoma lakunja ndi chikhadabo, kenako lisindikizeni ndi chala pafupi ndi mng'alu. Likamabonyoka pang'ono n'kubwerera, pulasitiki ikadali yabwino. Koma ngati yatuwa, ikutuluka fumbi loyera mukaikanda, ndipo mukapinda kamlomo ka mng'alu kakungothyoka, dziwani kuti dzuwa laidya. Pulasitiki yotere mukhoza kuiwotcherera lero, mawa ing'aluka pambali pa pomwe mwakonza. Bokosi lotero lisandutseni losungiramo zida kapena mbewu.

Chinanso: bokosi losungira katemera kapena mankhwala ofuna kuzizira, monga insulin, musalikonze kunyumba n'kupitiriza kulidalira. Lomwe ndikunena pano ndi la zakumwa, nsomba, nyama ndi madzi oundana.

Dziwani mtundu wa pulasitiki, pezani inzake

Gadabuzani bokosi muyang'ane kunsi, kapena kuseri kwa chivundikiro. Nthawi zambiri pamakhala kachizindikiro ka makona atatu kokhala ndi nambala pakati. Manambalawa anayamba kugwiritsidwa ntchito ku America mu 1988 ndipo masiku ano ali pafupifupi pa chiwiya chilichonse cha pulasitiki. Nambala 2 ndi HDPE, yomwe ndi polyethylene yolimba. 4 ndi LDPE, yofewa. 5 ndi PP, polypropylene. Khoma lakunja la mabokosi ambiri limakhala la nambala 2. Khoma lam'kati, loyera lija, nthawi zina limakhala la mtundu wina, choncho musaganize kuti poti kunja ndi 2 ndiye m'katinso ndi 2.

Pakasowa chizindikiro, palani kachidutswa kakang'ono pamalo obisika ndi mpeni. Kaponyeni m'kapu ya madzi momwe mwadonthezera sopo pang'ono, n'kukamiza ndi chala. Polyethylene ndi polypropylene ndi zopepuka kuposa madzi, ndiye zimabwerera pamwamba. Kakamira n'kukhala pansi, ndiye kuti ndi pulasitiki ina monga ABS kapena polystyrene, ndipo zikatero mwachita mwayi chifukwa mitundu imeneyo imagwira bwino ndi guluu wosakaniza mbali ziwiri uja, wotchedwa epoxy. Soponso ndi wofunika pa kuyesaku: popanda iye, kachidutswa kopyapyala kamatha kuyandama ngakhale kali kolemera.

Tsopano funani chowotcherera nacho. Cha nambala 2 sichisowa: zigubu za mafuta ophikira za malita 5 kapena 20 nthawi zambiri zimakhala za HDPE, ndipo nambala imalembedwa kunsi kwake. Ya nambala 5 mungaipeze pa ndowa zina, mabeseni ena ndi makontena a majarini, koma werengani nambala, musalote. Chigubu chomwe munali petulo, oyilo kapena mankhwala a m'munda musachikhudze n'komwe, chifukwa pulasitiki imamwa zimenezo ndipo sopo sazichotsa. Mapaipi a PVC, omwe nambala yake ndi 3, ayi ndithu: akapsa amatulutsa utsi wa asidi wowotcha m'maso ndi m'chifuwa, komanso sagwirana ndi khoma la bokosi. Mabotolo oonekera m'kati a madzi ndi zakumwa, a nambala 1, nawonso sagwira.

Tsukani chigubucho ndi madzi otentha ndi sopo mpaka mafuta atheretu, kenako dulani timizere totalika ngati chala, m'lifupi mamilimita 4 kapena 5. Dulani tambiri kuposa tomwe mukuganiza kuti mufuna.

Musanayambe ntchito yeniyeni, yesani. Sungunulani nsonga ya kamzere kamodzi pamalo obisika kunsi kwa bokosi, kasiyeni kazizire, ndiye mukakoke ndi pulayazi. Kakakana kuchoka, kapena kakaduka kusiya nsonga itamatirira, mwapeza mtundu woyenera. Kakasendeka mosavuta kusiya pamalopo poyera, mitundu yasiyana. Kuyesa kumeneku n'kwa mphindi zochepa chabe koma ndi komwe kumasiyanitsa ntchito yokhalitsa ndi yongotayirapo nthawi. Polyethylene ndi polypropylene zimaoneka zofanana ndi maso, zonse zimayandama, koma sizisakanikirana bwino zikasungunuka.

Tsukani, ndipo umitsani kwenikweni

Tsukani bokosi lonse ndi sopo, makamaka m'kati mwa mng'alu momwe mumabisala litsiro, mafuta a nsomba ndi shuga wa zakumwa. Mswachi wakale umathandiza. Pukutani pamalopo ndi kansalu konyowetsa ndi sipiliti, n'kudikira aume asanayandikire moto.

Apa ndi pomwe ambiri amafulumira molakwika. Ngati mng'alu wakhalitsa, madzi analowa kale pakati pa makoma awiri aja. Nyamulani bokosi: ngati likulemera kuposa kale, kapena mukaligwedeza mukumva madzi, kapena likununkha ngakhale mwalitsuka, m'kati muli chinyontho. Mukawotcherera pamwamba pa chinyontho, nthunzi imaboola pulasitiki yosungunuka n'kusiya timabowo tosaoneka, ndipo fungo lija mwalitsekera momwemo mpaka kalekale. Komanso thovu lonyowa silisunga kuzizira. Madzi oundana omwe ankatha masiku awiri amasungunuka tsiku lisanathe.

Ikani kamtengo mu mng'alu kuti utseguke pang'ono, pendeketsani bokosi kuti mng'aluwo uyang'ane pansi, n'kulisiya pamalo ofunda podutsa mphepo kwa masiku awiri kapena atatu. Ngati madzi ndi ambiri, boolani kabowo kamodzi pa kona ya kunsi kwa khoma lakunja kuti akhe. Mudzakatseka pamapeto powotcherera, monga mng'alu womwewo. Nyengo ya mvula zimatenga nthawi yaitali, ndiye dekhani. Mukalowetsa kapepala kofewa mu mng'alu n'kutuluka kouma, mukhoza kupitiriza.

Thovu lakuda ndi nkhungu kapena lofumbutuka likoloweni lichoke. Mpata wotsalawo dzazani ndi tizidutswa ta thovu loyera lomwe limabwera m'makatoni a TV ndi mafiriji. Ngati mugwiritsa ntchito thovu la m'chitini logulitsidwa m'mashopu a zida zomangira, ikani lochepa kwambiri, chifukwa limafufuma mwamphamvu moti likhoza kutupitsa khoma. Lipatseni tsiku lathunthu kuti liume musanabweretse chitsulo chotentha, ndipo lotumphukira kunja lidulidwe kuti likhale kunsi kwa khoma.

Imitsani mng'alu, semani ngalande

Yang'anitsitsani pomwe mng'alu wathera mbali zonse ziwiri. Kawirikawiri umapitirira pomwe maso akuona, ndiye sindikizani khoma pang'ono pa kuwala kuti muone kamzere kopyapyala ka kumapeto. Pansonga penipeni boolani kabowo ka mamilimita 2 kapena 3 ndi chiboolero, kapena ndi msomali wotentha wogwira ndi pulayazi. Mng'alu umayenda chifukwa mphamvu yonse yokoka imaunjikana pa nsonga yake yakuthwa. Bowo lozungulira limamwaza mphamvuyo ndipo mng'alu umaima. Boolani khoma lokha, musalowe kwambiri m'thovu.

Kenako ndi mpeni wakuthwa palani milomo yonse iwiri ya mng'alu mopendeketsa, kuti pakhale kangalande kooneka ngati chilembo V, kakuya pafupifupi theka la kukhuthala kwa khoma kapena kupitirira pang'ono. Khoma la mabokosi wamba ndi lopyapyala, mamilimita 2 kapena 3 basi, choncho dzanja likhale lopepuka. Palaninso ndi sandipepa mbali zonse ziwiri za ngalandeyo, m'lifupi mwa chala, mpaka khungu lotuwa lichoke muone mtundu weniweni wa pulasitiki. Khungu lodyedwa ndi dzuwa limeneli silisungunuka bwino, ndipo likalowa m'chowotchereracho limachifooketsa.

Ngati milomo yatalikirana, ikokeni ikumane pomanga bokosi lonse ndi lamba kapena mphira za chubu. Ngati mpata ndi waukulu moti thovu likuonekera, dulani kachidutswa ka chitini cha zakumwa cha aluminiyamu, kalowetseni pakati pa khoma ndi thovu. Kamateteza thovu ku moto komanso kamagwira pulasitiki yosungunuka kuti isagwere m'kati. Kasiyeni momwemo, sikachita dzimbiri.

Kuwotcherera kwenikweni

Chida chabwino ndi soldering iron, ija amagwiritsa ntchito okonza mawailesi, makamaka yansonga yophwatalala. Koma ngati inagwirapo kale ntchito yolumikiza mawaya, nsonga yake ili ndi zotsalira za chitsulo chomatira chomwe nthawi zambiri chimakhala ndi mtovu. Mtovu ndi poizoni. Gulani nsonga yatsopano, makamaka ngati mukukonza khoma lokhudzana ndi chakudya. Kopanda magetsi, mbaula ya makala ndi mipeni iwiri yakale yachigwiriro cha mtengo zikukwanira: wina uli pamoto, wina uli pantchito. Mpeni ukachoka pamakala upukuteni msanga pa thabwa louma kuti phulusa ndi mwaye zisalowe mu pulasitiki.

Gwirirani ntchito panja kapena pakhonde, mphepo ikuchokera kumbuyo kwanu, ana ali kutali. Utsi wa pulasitiki si wabwino, koma wa thovu lachikasu la m'kati lija, lomwe ndi polyurethane, ndi woopsa kwambiri likapsa. Pulasitiki yosungunuka imamatirira pakhungu n'kupitiriza kuwotcha, choncho valani magolovesi achikopa kapena ansalu yokhuthala ya thonje, ndipo pafupi pakhale ndowa ya madzi ozizira.

Mfundo yaikulu ndi kuchuluka kwa moto. HDPE imasungunuka pa madigiri pafupifupi 130, polypropylene pa madigiri 160 mpaka 165. Soldering iron wamba, yopanda posinthira, imatha kupitirira madigiri 350. Ndiye kuti chida chanu chili ndi moto woposa womwe mukufuna. Pulasitiki yosungunuka bwino imanyezimira, imafewa, ndipo HDPE yopanda utoto imaoneka ngati ikuonekera m'kati. Ikayamba kufuka utsi wambiri, kuwira kapena kusanduka yabulauni, yapsa, ndipo yopsa ikazizira imakhala yophwanyika. Zikatero zulani pulagi kwa kanthawi, kapena dikirani mpeni uzizire pang'ono, n'kupala pomwe papsapo musanapitirize. Mpeni wofiira ndi moto ndi wotentha mopitirira muyeso.

Yambani ndi kulumikiza apo ndi apo. Pa masentimita 2 kapena 3 alionse, gunditsani nsonga modutsa mng'alu kuti milomo iwiri igwirane. Izi zimathandiza kuti khoma lisapotoke pamene mukutenthetsa. Kenako yendetsani nsonga pang'onopang'ono pansi pa ngalande yonse, kuchokera ku bowo lina kufika ku linzake, kusungunula pansi pake kuti patsekeke.

Tsopano tengani kamzere ka chigubu. Dzanja limodzi ligwire kamzere, nsonga yake ili mu ngalande, linalo ligwire chitsulo chikukhudza zonse ziwiri nthawi imodzi, khoma ndi kamzere. Cholakwika chomwe chimachitika kawirikawiri ndi kusungunula kamzere kokha n'kukadonthezera pa khoma lozizira. Zimaoneka zodzaza bwino, koma sizinagwirane, ndipo chikhadabo chokha chikhoza kuzitukula. Khoma liyenera kufewa kaye, kamzere kalowe m'pofewamo, ndipo nsonga ya chitsulo izitakasa pang'ono kuti ziwirizi zisakanikirane. Yendani sentimita imodzi, sindikizani, takasani, salazani, pitani patsogolo. Musakhazikike pamalo amodzi, khoma lopyapyala limabooka mwadzidzidzi.

Mng'alu wautali musauwotcherere wonse ulendo umodzi. Chitani masentimita 4 kapena 5, siyani pazizire, pitani mbali ina. Polyethylene imakhwinyata ikamazizira, ndipo mukatenthetsa dera lalikulu nthawi imodzi khoma limapindika. Timabowo ta kumapeto tija tidzazeni pomaliza.

Pamalo ponyamula katundu, monga pa kona, kunsi, kapena pafupi ndi chigwiriro, pamafunika msana wachitsulo. Dulani kachidutswa ka sefa ya tiyi yachitsulo chosachita dzimbiri, kapena waya wa pawindo woteteza udzudzu ngati ndi wa aluminiyamu. Wa pulasitiki sangathandize, ndipo wachitsulo wamba adzachita dzimbiri. Kachidutswako kapitirire mng'alu ndi sentimita imodzi ndi theka mbali iliyonse. Kagonekeni pamwamba pa pomwe mwawotcherera, kasindikizeni ndi chitsulo chotentha kuyambira pakati kupita m'mbali mpaka kamire ndipo pulasitiki itulukire m'maso mwa sefayo. Kenako phimbani ndi timizere tina mpaka waya asaonekenso. Kwa ine sitepe imeneyi siyolumpha pa bokosi lomwe limakwera kabaza kapena minibasi tsiku ndi tsiku, chifukwa kugwedezeka kwa mumsewu n'komwe kumatsegulanso ming'alu yokonzedwa.

Siyani pazizire pokha. Musathire madzi pofuna kufulumira. Pakatha mphindi 20 kapena 30 palani zotumphuka ndi mpeni, salazani ndi sandipepa, koma musafune kuti pafanane ndendende ndi khoma. Kaphiri kakang'ono kotsala pamwamba ndi komwe kali ndi mphamvu.

Khoma lam'kati

Ili ndi lopyapyala kuposa lakunja ndipo thovu lili kuseri kwake komweko, choncho moto uchepe ndipo timizere tikhale topyapyala. Musaseme ngalande yakuya. Kungopala pamwamba ndi kuboola kumapeto n'kokwanira. Gonekani kamzere m'litali mwa mng'alu n'kukasita mopepuka kuchokera pakati kupita m'mbali. Ngati thovu la bokosi lanu ndi loyera la timibulu, samalani koposa: limanyala msanga ndi moto, komanso super glue, petulo ndi thina zimalisungunula.

M'kati muyenera kusalala kwenikweni, chifukwa pokhakhala ndi pomwe madzi a nsomba ndi magazi a nyama amatsalira n'kuswa tizilombo. Pomaliza dutsitsani mbali yophwatalala ya chitsulo chofunda pamwamba ponse kuti timaenje titsekeke.

Ngati khomalo ndi lopyapyala moti likungobooka, pali njira yachiwiri. Palani ndi sandipepa, pukutani ndi sipiliti n'kudikira aume, kenako dutsitsani lawi la gasi labuluu mofulumira pamwamba pake kawiri kapena katatu, osasungunula. Lawi limasintha khungu la pulasitiki kuti guluu athe kugwira. Donthezani madzi pambali kuti muone: akamwazika n'kunyowetsa, zatheka; akaundana timibulu, bwerezani. Umitsani, n'kupaka epoxy pasanathe theka la ola. Kandulo sayenera pa ntchitoyi chifukwa amasiya mwaye. Njirayi siyolimba ngati kuwotcherera, ndipo chakudya m'bokosi lokonzedwa chotere chizikhala m'mapepala kapena m'makontena otseka, chisakhudze guluuyo.

Yesani ndi madzi

Ikani bokosi pa simenti youma kapena pa katoni, dzazani madzi kupitirira pomwe mwakonza, lembani mzere pomwe madzi alekezera, n'kulisiya usiku wonse. M'mawa onani ngati madzi atsika. Kumbukirani kuti khoma lam'kati likhoza kudonthera m'thovu popanda dontho kuoneka pansi, choncho mzere uja ndi umboni wodalirika kuposa katoni. Ngati atsika, khuthulani, umitsaninso, funani kabowo ndipo mukatseke. Onaninso kachotsekera ka potulutsira madzi, chifukwa nthawi zina kamphira kake ndiko katha. Kamphira kodula pa chubu cha njinga kamalowa m'malo bwinobwino.

Likapambana mayeso, litsukeni ndi madzi osakaniza Jik, supuni yaikulu imodzi pa malita 4, tsukuluzani ndi madzi oyera, n'kuliumitsa chivundikiro chili chotsegula.

Poti zida zili kale m'manja, onaninso mahinjesi. Apulasitiki aja amathyoka pakati pomwe amapindikira, ndipo kuwotcherera pamenepo sikukhalitsa. Achotseni, dulani zidutswa ziwiri za lamba wakale wa mpando wa galimoto kapena za chubu cha galimoto, zibooleni potengera mabowo a hinjesi yakale, n'kumanga ndi masikuluwu omwewo mutaika mawashala. Bowo la sikuluwu likakula moti sikugwira, lidzazeni ndi pulasitiki yosungunuka, dikirani izizire, boolani kabowo kakang'ono n'kumanganso ndi dzanja, osalimbitsa mopitirira.

Bokosi lokonzedwa musalikhalire, musalikoke pansi lili lodzaza, ndipo pomanga pa njinga kapena pa galimoto ikani katoni kapena chiguduli pansi pake ndi pomwe chingwe chikudutsa, makamaka ngati chikudutsa pa kona yomwe munawotcherera. Mukakhala pamalonda liphimbeni ndi thumba kapena chitenje chonyowa: dzuwa silifika pa pulasitiki, ndipo madzi oundana amakhalitsa.